Kodi masipika abwino a honi omvetsera nyimbo m'nyumba angapezeke pa mtengo wofikirika?

Mphunzitsi wa ku Zomba

Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani ya masipika a honi, aja amene mawu ake amatulukira m'chinthu chotambasuka ngati kukamwa kwa lipenga. Ndili ndi ampulifaya ya ma valve a 300B imene imatulutsa mawati 8 okha mbali iliyonse, ndipo masipika amene ndikugwiritsa ntchito panopa, omwe ndi a 87 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu pa wati imodzi), amaimba bwino nyimbo ikakhala yofatsa, koma kwaya ikangokweza mawu kapena ng'oma zikalowa, zonse zimapanikizana n'kumveka mothinana. Ndaona mitengo ya masipika a honi a Klipschorn ndi a Avantgarde ya ku Germany, ndipo ndalama zake munthu angagulire galimoto yabwino ndithu. Zimene ndingathe kusonkhanitsa ndi madola pafupifupi 1,500, kuphatikizapo zotumizira ndi msonkho. Chipinda changa ndi cha mamita 4 m'lifupi ndi mamita 6 m'litali, makoma ndi a njerwa, pansi ndi pa simenti. Kodi pa ndalama zimenezi pali njira yopezera mawu enieni a honi, kapena ndiiwaleko?

Injiniya wa ku Leeds

Aphunzitsi, musaiwaleko, koma tiyambe tagwirizana kuti honi imene mukufunayo ndi iti, chifukwa m'dzina limodzili muli zinthu ziwiri zosiyana mitengo kutalitali. Pali sipika imene mawu ake onse, kuyambira besi mpaka mawu ang'onoang'ono a pamwamba, amadutsa m'mahoni, ndipo pali ina imene honi imanyamula mawu a pakati ndi a pamwamba okha, pamene besi imachokera mu wufa, sipika yaikulu ya mawu a pansi, yoikidwa m'bokosi wamba. Ndalama zambiri zimathera pa honi ya besi, ndipo chifukwa chake si umbombo wa opanga koma kukula kwa mafunde a mawu.

Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi, choncho funde la 40 Hz, mawu a pansi onjenjemera ka 40 pa sekondi, ndi lalitali mamita 8.6. Kuti honi inyamule funde limeneli mokwanira, kuzungulira kwa kukamwa kwake kuyenera kuyandikira kutalika kwa fundelo, kutanthauza kukamwa kwa mamita pafupifupi 2.7 kuchokera mbali ina kufika ina, ndipo njira ya m'kati iyenera kupitirira mamita 2. Paul Klipsch wa ku Hope, m'chigawo cha Arkansas ku America, anathana ndi vutoli popinda njirayo m'kati mwa bokosi n'kukankhira bokosilo pakona pa chipinda, kuti makoma awiri ndi pansi zikhale ngati zikupitiriza honiyo. Ndiyo Klipschorn imeneyo, imene inayamba kupangidwa mu 1946 ndipo ikupangidwabe. Koma bokosi limodzi la masiku ano limalemera makilogalamu pafupifupi 100, ndipo ngakhale munthu atakupatsani ulere ku America, kulifikitsa ku Zomba kungadye ndalama zanu zonsezo. Pomwe funde la 1,000 Hz ndi la masentimita 34 okha, choncho honi yake mukhoza kuinyamula ndi dzanja limodzi. Malangizo anga ndi akuti muike ndalama zanu pa honi ya mawu a pakati ndi a pamwamba, besi muisiyire wufa ya mainchi 12 kapena 15.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Zikomo kwambiri, a Injiniya. Koma ndikatero, kodi mawati 8 anga adzakwanira? Zimene zinandikopa pa Klipschorn ndi chiwerengero chija cha 105 dB.

Injiniya wa ku Leeds

Adzakwanira. Kukwera kulikonse kwa 3 dB kumatanthauza kuti mphamvu yofunika yachepa ndi theka. Wufa yabwino ya mainchi 15 ya m'gulu la zida za m'maholo imapereka 96 kapena 97 dB pa wati imodzi, ndiye kuchoka pa 87 kufika pa 97 kuli chimodzimodzi ndi kusandutsa ampulifaya yanu ya mawati 8 kukhala ya mawati 80. Pa 105 dB ikanakhala ngati ya mawati 500, ndipo m'chipinda cha mamita 4 kwa 6 mphamvu imeneyo simungaimalize popanda kuvulaza makutu. Ndionjezerepo kuti ziwerengero zimene makampani ambiri amalemba zimakhala zokomera malonda, ndipo oyeza paokha kawirikawiri amapeza zotsikirapo ndi ma dB angapo, choncho musamangire mfundo yanu yonse pa nambala ya pa pepala.

Mayi wa Kwaya, Lilongwe

Ine ndikhululukireni, ndikhala wotsutsa. Mahoni onse amene ndawamvapo amalankhula ngati munthu wotseka mphuno, ndipo mawu a soprano amabaya m'makutu. Munthu amene akufuna kumva kwaya monga imamvekera pamaso, sindikuona chifukwa chotayira ndalama pa chinthu chimene chinapangidwira misonkhano ya pabwalo. Bwanji osagulitsa ampulifayayo, Aphunzitsi, n'kugula ina ya mawati 100, masipika anuwo n'kukhala momwemo?

Agogo a Malekodi

Mayi, funso lanu ndi lachilungamo, ndipo njira imene mwatchulayo ndi yotsika mtengo zedi, palibe angakane. Koma mahoni amene mwawamvawo ndikuganiza kuti ndi aja achitsulo omangirira pamtengo kapena padenga la galimoto yolengeza, kapenanso mabokosi a pa ukwati okhala ndi twita (kasipika ka mawu a pamwamba) ya piezo ya mtengo wa sopo. Amenewo anapangidwa kuti mawu afike patali, osati kuti akome.

Kulankhula kwa m'mphuno kuja kuli ndi zifukwa zake zodziwika, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Choyamba ndi kukakamiza honi kunyamula mawu a pansi kuposa kukula kwake, pakuti honi ikayandikira malire ake, mbali ina ya funde imabwerera m'kati kuchokera pakamwa n'kuyamba kulimbana ndi funde lobwera. N'chifukwa chake amisiri amadula mawu pamwamba ndithu pa malirewo, kawirikawiri pa chiwerengero chowirikiza kawiri. Chachiwiri ndi thupi la honiyo: mahoni akale a Altec, 511B ndi 811B, ndi a aluminiyamu, ndipo mukawagogoda ndi chala amalira, kulira kumene kumalowerera m'nyimbo mpaka mutawamata kunja ndi phula kapena labala n'kuwamangirira zolimba pa thabwa. Chachitatu ndi m'mbali mwakuthwa m'kati mwa khosi la honi, zimene mahoni ena a m'ma 1970 ndi 1980 anali nazo pofuna kumwaza mawu mofanana m'holo. Maonekedwe otchedwa tractrix, amene Paul Voigt anayamba kugwiritsa ntchito ku England m'ma 1920, komanso ena a pambuyo pake a Jean-Michel Le Cléac'h wa ku France ndi a Earl Geddes wa ku America, amatambasuka mosalala popanda pokhota mwadzidzidzi, ndipo pa amenewa soprano samabaya.

Chimene honi yabwino imachita, chomwe mawati 100 sangakupatseni, n'chakuti kachimbale ka m'kati mwa compression driver, chida chotulutsa mawu chomangidwa kumbuyo kwa honi, kamayenda pang'ono kwambiri ndipo koyilo yake siitentha, ndiye kusiyana kwa mawu otsitsa ndi okweza kumatuluka monga kunajambulidwira. Pa nyimbo za kwaya zimene mumakondazo, mpamene zimenezi zimamveka koposa.

Mayi wa Kwaya, Lilongwe

Ndamva, Agogo, ngakhale kuti makutu anga adzavomereza tsiku limene adzamve okha. Aphunzitsi akamaliza ntchitoyi atiitane.

Achimwene a ku Joni

Ndilowererepo pa za masipika ogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa kuno ku Johannesburg ndi ku Cape Town amapezeka nthawi ndi nthawi, ndipo katundu wochokera kuno amafika kumudzi pa msewu, zimene n'zotsika mtengo kuyerekeza ndi ndege kapena sitima yochokera ku America. Wa Klipsch amene angakwane m'thumba lanu ndi Heresy. Inatuluka mu 1957 kuti izikhala pakati pa ma Klipschorn awiri, ili ndi wufa ya mainchi 12 ndi mahoni awiri ang'onoang'ono, ndipo imodzi imalemera makilogalamu pafupifupi 20. Yatsopano, Heresy IV, awiri amadutsa madola 3,000 ku America komweko, koma zakale za m'ma 1970 ndi 1980 zimagulidwa pa gawo lochepa la mtengowo. Vuto lake n'lakuti zakalezo bokosi lake ndi lotseka ndiponso laling'ono, ndiye besi imathera cha m'ma 50 kapena 60 Hz, ndipo munthu wokonda gitala ya besi adzafunabe sabuwufa, sipika yapadera ya besi yakuya. Cornwall, ya 1959, ili ndi wufa ya mainchi 15 ndipo imatsika bwino, koma ndi yolemera kuwirikiza kawiri ndipo eni ake sagulitsa wamba. Forte, imene inayamba mu 1985, ili pakati pa ziwirizi, ndipo kwa ine ndiyo yoyenera kuidikirira ikapezeka.

La Scala musaiyang'ane n'komwe. Ndi honi yeniyeni kuyambira pansi mpaka pamwamba, inapangidwa mu 1963 kuti izigwira ntchito pa misonkhano ya ndale ya Winthrop Rockefeller ku Arkansas, ndipo imamenya ng'oma mochititsa mantha, koma ndi yaikulu ngati firiji yaifupi pamene besi yake imatheranso cha m'ma 50 Hz.

Mmisiri wa ku Ndirande

Achimwene, zoona zimenezo, koma Aphunzitsi asatumize ndalama pa sipika ya zaka makumi anayi asanaonetsetse zinthu zingapo, pakuti zimene zimafika pa benchi langa zambiri zimakhala zoti kunja ndi dzina lalikulu pamene m'kati munalowa kale zina. Wogulitsa atsegule kumbuyo ajambule zithunzi za maginito ndi zolembedwa pa chida chilichonse. Ayeze koyilo iliyonse ndi mita, ndipo ziwerengero za sipika ya kumanja ndi ya kumanzere zifanane. Ya maohmu 8 imaonetsa pakati pa 5 ndi 7 ikakhala yamoyo. Kachimbale ka compression driver ndiko kamasinthidwa kwambiri, ndipo tachinyengo totsika mtengo tadzaza msika, timalowa bwinobwino pamalo pake koma timaimba mokalipa. Makapasita a mu crossover, chida chogawa mawu pakati pa wufa ndi honi, nawonso amakalamba, ndipo sipika yambiri yakale imene anthu amati yazilala imadzuka mukangosintha amenewo, ntchito ya ndalama zochepa. Maginito a alnico, amene ali m'zida zambiri za Altec ndi JBL zopangidwa zaka za m'ma 1970 zisanathe, amatha kufooka akagwetsedwa kapena akapatsidwa mphamvu yopitirira, ndipo kuwadzutsanso kumafuna makina apadera.

Koma maganizo anga enieni ndi akuti pa madola 1,500 kupanga nokha kumaposa kugula. Cholemera pa sipika ndi bokosi, ndipo matabwa ndi akalipentala tili nawo konkuno. Chobwera kuchokera kunja chikhale chokhacho chimene sitingapange: ma compression driver awiri, mahoni awiri, mawufa awiri, ndi zida za crossover.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Bambo Mmisiri, mfundo imeneyi yandigwira mtima. Kodi mungatchule zida zenizeni, kuti ndidziwe poyambira kufunsa mitengo?

Mmisiri wa ku Ndirande

Pa compression driver ya khosi la inchi imodzi, yodziwika kwambiri pakati pa opanga okha ndi DE250 ya kampani ya B&C ya ku Italy. Kachimbale kake si ka titaniyamu koma ka pulasitiki yolimba yotchedwa polyimide, ndipo anthu ambiri amapeza kuti mawu ake ndi ofewerapo. Imapereka 108 dB ndi kanthu, ndipo imodzi siifika madola 200. Palinso za Faital Pro, 18 Sound ndi RCF za ku Italy komweko, Beyma ya ku Spain, BMS ya ku Germany, ndi Celestion ya ku England. Ina yotsika mtengo ndi Selenium D220Ti ya ku Brazil, imene tsopano ili pansi pa JBL kuchokera pamene Harman inagula kampaniyo mu 2010. Ndiyo imene inagwiritsidwa ntchito pa Econowave, njira ija imene anthu ku America ankachotsera twita m'mabokosi akale n'kuikamo honi yapulasitiki yotsika mtengo ya madigiri 90. Wufa mukhoza kutenga ya Eminence, B&C kapena Faital, ndipo JBL 2226 ikapezeka yosakonzedwapo mwachisawawa musaisiye. Ubwino wa zida zonsezi ndi wakuti ndi za m'maholo ndi m'matchalitchi, ndiye masitolo a zoimbira ku South Africa amasunga zambiri mwa izo, ndipo simulipira mtengo wa dzina.

Bokosi likhale la plywood ya mamilimita 18 yopanda mphako m'kati, lomangidwa ndi timitanda m'kati kuti makoma asanjenjemere, lomatidwa ndi guluu ndi masikuluu. Kalipentala mumuuze kuti mpweya usatulukire pena paliponse kupatula pa bowo lotulutsira besi limene mwaliwerengera. Chipboard musayerekeze, nyengo ya mvula imafufuma.

Injiniya wa ku Leeds

Ndikugwirizana ndi a Mmisiri, ndipo ndionjezere pa malo amene ntchito zotere zimakonda kulephera, omwe ndi pokumana pa wufa ndi honi. Wufa imamwaza mawu a pansi mbali zonse, koma mawu akamakwera, funde likayamba kufanana ndi kukula kwa pepala lake lonjenjemera, imayamba kuwaponya kutsogolo kokha. Ya mainchi 15 imafika pa madigiri pafupifupi 90 cha m'ma 1,000 Hz, pomwe ya mainchi 12 imafika pamenepo cha m'ma 1,300 kapena kupitirirako pang'ono. Mukadula pamalo pamene kumwaza kwa wufa kwafanana ndi kwa honi, khutu silimva msoko, ndipo mawu obwerera kuchokera kumakoma amakhala ofanana mtundu ndi ochokera ku sipika. Tsono B&C imalangiza kuti DE250 idulidwe pa 1,600 Hz, ngakhale kuti m'nyumba, momwe imalandira wati imodzi kapena kucheperapo, anthu amaitsitsa mpaka cha m'ma 1,200 popanda vuto. Kampani ya Pi Speakers ya ku America imaiphatikiza ndi wufa ya mainchi 15 mu sipika yawo ya 4 Pi, choncho n'zotheka, koma kwa munthu woyamba kumene mainchi 12 ndiwo osavuta. Mukafuna mainchi 15 mosakakamiza, tengani compression driver ya khosi la mainchi 1.4 imene ingatsike mpaka 800 Hz, podziwa kuti mtengo ukwera kawiri kapena kuposa.

Pali zinthu zina ziwiri zimene crossover iyenera kuchita. Honi ya 108 dB iyenera kutsitsidwa ndi ma dB pafupifupi 10 kuti ifanane ndi wufa, apo ayi mudzamva zija Mayi akudandaula. Ndiponso mahoni omwaza mawu mofanana amatsika okha mawu a pamwamba kuyambira cha m'ma 3,000 Hz, ndiye kutsitsako kuyenera kukhala kochuluka pakati n'kumachepa pokwera, zimene zimatheka ndi kapasita imodzi yodutsa pambali pa resistor. Crossover yogula yopangiratu, ija ya m'mabokosi a disko, siichita zimenezi. Njira yanzeru ndi kutsatira pulani imene ena anaiyeza kale, zida zake zomwezo osasintha ngakhale chimodzi, kapena kugula maikolofoni yoyezera ya UMIK-1 n'kugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya REW pa kompyuta.

Za besi, kumbukirani lamulo lotchedwa la Hofmann: bokosi laling'ono, besi yakuya, ndi mphamvu yochuluka pa wati imodzi, mungasankhe ziwiri zokha pa zitatuzi. Mukafuna 96 dB ndi 40 Hz, vomerani bokosi la malita 100 kapena kuposa.

Agogo a Malekodi

Palibe amene watchula njira ya ku Japan, ya sipika imodzi ya Fostex ya mainchi 8, monga FE206, yoikidwa m'bokosi lokhala ndi honi yopindapinda kumbuyo kwake. Ilibe crossover, imapereka cha m'ma 96 dB, kampaniyo imapereka mapulani a bokosi, ndipo imagwirizana kwambiri ndi 300B. Pa mawu a munthu mmodzi ndi gitala imakoma modabwitsa. Koma sindingakulimbikitseni, Aphunzitsi, chifukwa vuto lanu ndi kwaya ndi ng'oma, ndipo pepala limodzi laling'ono likamanyamula zonse limapanikizika pomwepo pamene masipika anu apano akupanikizikira. Ndaitchula kuti mukaiona musadabwe.

Chimene ndingakuchenjezeni kwambiri ndi phokoso la ampulifaya. Ma valve a 300B ali ndi chizolowezi cha kung'ung'udza kochokera ku magetsi otenthetsera, kumene pa 87 dB simukumva koma pa 97 dB kudzakhala kokwera ndi ma dB 10. Musanagule kanthu, a Mmisiri ayeze pa mawaya otulukira ampulifaya ili yoyaka yopanda nyimbo. Ikapitirira mamilivoti awiri kapena atatu, ikonzedwe kaye.

Mayi wa Kwaya, Lilongwe

Nanga chipinda cha simenti ndi njerwa chija? Kwathu ngakhale wailesi yaing'ono imachita phokoso lobwerera.

Injiniya wa ku Leeds

Pamenepo, Mayi, mpamene honi imapambana masipika wamba. Twita wamba imamwaza mawu pafupifupi mbali zonse za kutsogolo, ndiye makoma a m'mbali, pansi ndi denga zimabweza zambiri. Honi ya madigiri 90 m'mbali ndi 40 kapena 50 m'mwamba imalozetsa mawu kwa womvera, ndipo zofika kumakoma zimachepa. Aphunzitsi aike masipika ku khoma la mamita 4, awatembenuzire m'kati mpaka mizere yawo idutsane patsogolo pang'ono pa mpando, iwo akhale mamita 3 kapena kuposa kuti wufa ndi honi zifike pakhutu zitasakanikirana, ndipo pansi pakati pa mpando ndi masipika ayalepo kapeti yokhuthala. Besi yokha ndiyo idzavutebe, popeza makoma a njerwa saimeza, koma imeneyo ndi nkhani ya kusuntha mabokosi ndi mpando mpaka mutapeza malo abwino.

Achimwene a ku Joni

Ndikumbutseko za magetsi. Masipika enieniwo alibe nazo ntchito, koma mukakopeka ndi crossover yamagetsi kapena sabuwufa yochokera ku America, onetsetsani kuti imalandira mavoti 230, chifukwa zambiri za kumeneko ndi za mavoti 120.

Mmisiri wa ku Ndirande

Ndipo amene angasankhe crossover yamagetsi, yoti honi ikhale ndi ampulifaya yakeyake, aike ndithu kapasita pakati pa ampulifayayo ndi compression driver. Magetsi akathima n'kuyakanso mwadzidzidzi, kugunda kumene kumatuluka kumang'amba kachimbale nthawi yomweyo, pamene kapasita ya mamaikrofaradi 30 kapena 40 imatsekereza zimenezo osakhudza mawu amene honiyo ikuimba. Kwa Aphunzitsi, omwe ali ndi ampulifaya imodzi, crossover ya makoyilo ndi makapasita ndiyo yoyenera, ndipo chitetezocho chilimo kale.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Ndathokoza nonse. Ndasankha kupanga ndekha: wufa ya mainchi 12, DE250, honi ya madigiri 90 yosalala m'kati, ndi bokosi la plywood. Achimwene a ku Joni, ndikupemphani mundifunsireko mitengo ya zida zimenezi kumeneko, komanso ngati Forte yabwino itapezeka ndisanalipire, mundidziwitse. Bambo Mmisiri, ampulifaya ndibwera nayo ku Blantyre kuti muiyeze. Chimene chandisowetsabe mtendere ndi kukula kwa bowo la bokosi, chifukwa kalipentala wanga adzafuna miyeso yeniyeni.

Injiniya wa ku Leeds

Bowo limenelo silingawerengedwe wufa isanadziwike, Aphunzitsi, pakuti limadalira ziwerengero zitatu zimene opanga wufayo amalemba, zomwe ndi Fs, Qts ndi Vas. Posankha, yang'anani ya Fs yosapitirira 50 Hz ndi Qts ya pakati pa 0.3 ndi 0.4, ndipo mupewe zija zolembedwa kuti ndi za sabuwufa, chifukwa pepala lake ndi lolemera ndipo siziimba bwino pa 1,300 Hz pamene mukufuna kudulira. Achimwene akakutumizirani mayina a zimene zilipo m'sitolo, muziike pano pamodzi ndi ziwerengerozo, ndidzaziika mu pulogalamu ya pa kompyuta ya WinISD n'kukupatsani malita a bokosi ndi kutalika kwa bowo. Kalipentala asadule thabwa lakutsogolo mpaka mahoni ndi mawufa atafika m'manja mwanu, ayeze pa zida zenizenizo.